Mmene Mungazindikirire Ma CD a Bossa Nova ndi Jazi ya ku Brazil Amene Anatulutsidwanso

Nyimbo za bossa nova zinayamba kumveka mumzinda wa Rio de Janeiro m'chaka cha 1958, pamene João Gilberto anajambula "Chega de Saudade" ku kampani ya Odeon, pomwe CD yoyamba inafika pamsika ku Japan m'chaka cha 1982. Choncho nyimbo zonse za m'zaka zoyambirira zija zinatuluka pa zimbale za galamafoni, ndipo CD iliyonse imene ili ndi nyimbozo ndi yotulutsidwanso, ngakhale chikuto chake chisanene chomwecho. Chimbale chotere chimakhala ndi zaka zitatu zosiyana: chaka chimene oyimba anajambula nyimbozo, chaka chimene akatswiri anatenga tepi yakale n'kukonzanso kamvekedwe kake, ndi chaka chimene fakitale inadinda chimbale chimene mwagwira m'manjacho. Ntchito yonse yozindikira chimbale yagona pa kulekanitsa zaka zitatu zimenezi, chifukwa wogulitsa kawirikawiri amakuuzani chimodzi chokha, chomwe chingamugulitsire malonda ake.

Poyamba tembenuzani chikuto ndi kuwerenga kuchuluka kwa nyimbo. Zimbale za galamafoni za m'nthawi imeneyo zinali zazifupi. Chimbale choyamba cha João Gilberto, cha 1959, chili ndi nyimbo 12 ndipo sichikwana ndi theka la ola lomwe. Jazz Samba, chimene Stan Getz ndi Charlie Byrd anajambula pa 13 Febuluwale 1962 m'tchalitchi cha All Souls ku Washington, chili ndi nyimbo 7, pomwe Getz/Gilberto, chojambulidwa ku New York mu Malichi 1963 ndi kutulutsidwa ndi kampani ya Verve mu 1964, chili ndi nyimbo 8. Popeza CD imatha kunyamula mphindi zoposa 70, makampani ankafuna kudzaza malo otsalawo, ndipo ankachita zimenezi m'njira zingapo: kuwonjezera nyimbo ziwiri kapena zitatu pa chimbale choyambirira, kuphatikiza zimbale ziwiri pa CD imodzi, kapena kusonkhanitsa nyimbo za zaka zosiyanasiyana. Mukaona nyimbo 14, 20 kapena kuposerapo, yambani kukayikira kuti mwina chimene mwagwiracho si chimbale chimodzi monga momwe oyimba anachikonzera, koma nyimbo zosonkhanitsa.

Dzina limene lili pachikuto limathandizanso. Ku Brazil, kampani ya PolyGram inali ndi mndandanda wa zimbale zosonkhanitsa wotchedwa Personalidade, wina Minha História ndi wina Millennium, pomwe EMI inali ndi Meus Momentos, Bis ndi 2 em 1, womalizawu ukutanthauza zimbale ziwiri pa CD imodzi. Kampani ya Verve inali ndi Compact Jazz, Jazz Masters ndi Finest Hour. Onsewa ndi maina a mindandanda, osati a zimbale zimene oyimba anatulutsa okha. Ndi bwino kudziwanso mawu angapo a Chipwitikizi, ndipo apa abale athu a ku Tete ndi Angónia amene amawerenga chinenerochi ali ndi mwayi. Coletânea ndi nyimbo zosonkhanitsa, ao vivo ndi nyimbo zojambulidwa pamaso pa gulu la anthu, remasterizado akutanthauza kuti kamvekedwe kanakonzedwanso, faixa bônus ndi nyimbo yowonjezera, inédita ndi nyimbo imene sinatulukepo, gravação original ndi kujambula koyambirira, pomwe regravação ndi kujambulanso nyimbo yakale.

Mukadziwa mtundu wa chimbale, funani tizizindikiro tiwiri tozunguliridwa ndi kamzere, kena ka ℗ ndi kena ka ©. Chaka chimene chili pafupi ndi ℗ chimanena za mawu ojambulidwawo, pomwe cha pafupi ndi © chimanena za chikuto, zithunzi ndi zolembedwa m'kabuku. Chimbale cholembedwa ℗ 1964 ndi © 1997 chikukuuzani mosabisa kuti nyimbo ndi za 1964 koma chovala chake ndi cha 1997. Vuto ndi lakuti makampani ambiri akakonzanso kamvekedwe kapena akasonkhanitsa nyimbo amaika chaka chatsopano pa ℗, moti mungaganize kuti nyimbo za 1960 ndi za 1998. Zikatero tsegulani kabuku ka m'kati. Kampani yosamala imalemba pansi pa nyimbo iliyonse chaka chake, chimbale chimene inachokera ndi maina a oyimba zida, ndipo ine ndimaona kuti kukhalapo kapena kusakhalapo kwa mizere imeneyi kumasonyeza bwino ulemu umene kampaniyo inapereka ku nyimbozo kuposa kukongola kwa chithunzi chapamwamba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zimbale zambiri zokhala ndi chithunzi cha gombe la Ipanema dzuwa likulowa sizinena chilichonse za kumene nyimbo zake zinachokera.

Tsopano tafika pamene anthu ambiri amapusitsikira, ndipo m'pofunika kukhalapo nthawi. Dzina la nyimbo ndi dzina la woyimba zikhoza kukhala zoona, koma kujambulako n'kukhala kwina. Chitsanzo chomveka bwino ndi Os Afro-Sambas. Woyimba gitala Baden Powell ndi wolemba ndakatulo Vinicius de Moraes anatulutsa chimbalechi mu 1966 ku kampani yaing'ono ya Forma, ndipo mawu a Vinicius amamveka mmenemo. Mu 1990 Baden Powell anajambulanso nyimbo zomwezo pansi pa dzina lomwelo, Vinicius atamwalira kale mu 1980. Zimbale zonse ziwiri zinatuluka pa CD, zonse zili ndi dzina la Vinicius chifukwa ndiye analemba mawu a nyimbozo, ndipo m'zonse ziwiri gulu la Quarteto em Cy likuyimba nawo. Chachiwiricho chimamveka moyera, koma choyambacho chili ndi mzimu wa anthu osonkhana m'chipinda chimodzi, ng'oma zikulira pafupi, umene sungabwerezedwe. Munthu amene akufuna cha 1966 ayenera kuona dzina la Forma kapena la kampani imene inalandira katundu wa Forma, ndipo atsimikize kuti Vinicius walembedwa monga woyimba, osati monga wolemba mawu chabe.

Nyimbo ya "The Girl from Ipanema" ili ndi nkhani yofanana. Pa chimbale cha Getz/Gilberto imatenga mphindi zoposa 5, João Gilberto akuyamba m'Chipwitikizi ndipo Astrud Gilberto akutsatira m'Chingerezi. Imene inatchuka pa wailesi inali yodulidwa, yosakwana mphindi 3, mawu a João atachotsedwa. Astrud anaijambulanso mu 1977 m'kayimbidwe ka disco, ndipo zimbale zambiri zotsika mtengo zokhala ndi dzina lake zimatenga nyimbo za 1977 zimenezi. Nayonso "Mas Que Nada" imapezeka mwa mwini wake Jorge Ben pa chimbale cha Samba Esquema Novo cha 1963, mwa Sérgio Mendes ndi gulu la Brasil '66 mu 1966, komanso mwa Mendes yemweyo pamodzi ndi The Black Eyed Peas mu 2006. Njira yolekanitsira ndi kuyang'ana utali wa nyimbo umene walembedwa pambali pake, kenako maina a oyimba zida ndi a woyang'anira kujambula. Mukaona dzina la Creed Taylor, mukudziwa kuti muli m'zojambula za ku America za Verve, A&M kapena CTI; mukaona la Aloysio de Oliveira, kawirikawiri muli ku Odeon, Philips kapena Elenco; mukaona la Roberto Quartin, mwayandikira Forma.

Palinso zimbale zimene nyimbo zake ndi zakale koma kujambula konse n'kwatsopano, monga mndandanda wa Songbook umene Almir Chediak anakonza ku kampani ya Lumiar m'zaka za m'ma 1990, kapena Red Hot + Rio cha 1996. Zimenezi ndi ntchito zabwino pazokha, koma dzina la Antonio Carlos Jobim, wopeka nyimbo zambiri za bossa nova, likakhala lalikulu pachikuto sizitanthauza kuti iye ndiye akuyimba nyimbo zonsezo. Pakati pa kukonzanso ndi kujambulanso pali njira inanso, yosakanizanso mawu kuchokera pa matepi oyambirira. Elis & Tom, chimene Elis Regina ndi Jobim anajambula ku Los Angeles mu 1974 ndi kutulutsidwa ndi Philips, chinasakanizidwanso mu 2004 moyang'aniridwa ndi César Camargo Mariano n'kutulutsidwa ndi kampani ya Trama. Oyimba ndi omwewo, masiku ojambulira ndi omwewo, koma khutu lozolowera limamva kusiyana.

Chotsatira n'kuona ngati kampani imene yatulutsa chimbalecho ili paubale ndi imene inajambula nyimbozo. Makampani a nyimbo akhala akugulana, ndipo matepi amatsata wogula. Elenco, imene Aloysio de Oliveira anayambitsa mu 1963 ndipo imadziwika ndi zikuto za César Villela zakuda ndi zoyera zokhala ndi timadontho tofiira, inalowa m'manja mwa kampani ya Philips ya ku Brazil, chimodzimodzinso Forma. Philips ndi Verve zinadzakhala pansi pa PolyGram, imene inagulanso A&M mu 1989, ndipo PolyGram inalowa mu Universal mu 1998. Odeon inali ya EMI, ndipo EMI inagulidwa ndi Universal mu 2012. Zojambula za RCA zinadutsa ku BMG n'kufika ku Sony. N'chifukwa chake Wave, chimbale cha Jobim cha 1967, chimapezeka ndi chizindikiro cha A&M kapena cha makampani a Universal, pomwe Stone Flower cha 1970, chimene chinali cha CTI, kunja kwa Japan chimapezeka ndi zizindikiro za makampani a Sony. Mbiri imeneyi imakupatsaninso malire a zaka, popeza chimbale cholembedwa PolyGram sichingakhale chokonzedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo cha Odeon chokhala ndi dzina la Universal sichingakhale cha 2012 isanafike.

Makampani aang'ono amene amatulutsanso nyimbo mwachilolezo amalemba zimenezi poyera, m'Chipwitikizi "sob licença de" kapena mawu ofanana nawo m'Chingerezi, kenako dzina la mwini matepi. Ku Britain kuli Mr Bongo, Far Out Recordings ndi Soul Jazz Records, ku Brazil kuli Dubas ndi Discobertas, ndipo ku Japan kuli Bomba Records. Dzina la Charles Gavin, woyimba ng'oma wakale wa gulu la Titãs amene anayang'anira ntchito yotulutsanso zimbale zambiri zakale za ku Brazil, likaoneka m'kabuku ndi chizindikiro chakuti munthu wina analowadi m'nkhokwe za kampani kukafufuza.

Nanga bwanji mabokosi otsika mtengo a ku Ulaya, okhala ndi zimbale zinayi kapena kuposerapo, amene satchula chilolezo chilichonse? Yang'anani chaka cha nyimbo yomalizira. Kawirikawiri mudzapeza kuti zonse zikuthera mu 1962. Chifukwa chake ndi lamulo. Kale m'maiko a European Union umwini wa mawu ojambulidwa unkatha pakadutsa zaka 50, ndipo kuyambira pa 1 Novembala 2013 nthawiyo inatalikitsidwa kufika zaka 70, koma kusinthaku sikunabwezeretse umwini umene unali utatha kale. Choncho zonse zimene zinatuluka mpaka 1962 aliyense kumeneko akhoza kuzidinda, ndipo n'chifukwa chake mabokosi otere amakhala ndi Jazz Samba ndi zimbale zitatu zoyamba za João Gilberto koma osati Getz/Gilberto. Zimbalezi si zakuba pamaso pa lamulo la kumeneko, koma makampani ake alibe matepi oyambirira, ndipo amatenga mawu pa chimbale cha galamafoni kapena pa CD ya kampani ina. Zina zimamveka bwino ndithu, zina ayi.

Kuti mudziwe dziko limene chimbale chinakonzedwera, yambani ndi manambala a pansi pa barcode. Oyamba ndi 789 ndi a makampani olembetsedwa ku Brazil, 45 kapena 49 ndi a ku Japan, 50 ndi a ku Britain, ndipo kuyambira 400 mpaka 440 ndi a ku Germany. Dziwani kuti manambalawa amanena kumene kampani inalembetsa, osati kumene fakitale ili, ndipo makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito manambala awo m'maiko onse: 0422 ndi 7314 ndi a PolyGram, 6024 ndi 6025 ndi a Universal, pomwe 0777 ndi 7243 ndi a EMI. Chimbale chodindidwa ku Brazil chimakhala ndi mawu akuti Indústria Brasileira, kawirikawiri pamodzi ndi dzina la Manaus, mzinda wa ku Amazonas kumene mafakitale ambiri a ma CD anamangidwa chifukwa cha kuchepetsedwa kwa misonkho, ndiponso dzina la fakitale monga Microservice, Sonopress kapena Videolar. Nambala ya kampani yolembetsera msonkho ikayamba ndi zilembo CGC, chikutocho chinakonzedwa kale, chifukwa zilembozi zinasinthidwa kukhala CNPJ chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuyambira mu 2003 lamulo la ku Brazil linayamba kufuna kuti chimbale chilichonse chikhale ndi zilembo ziwiri zotsatiridwa ndi nambala, monga AA0005000. Zilembo AA zikusonyeza gulu loyamba lodindidwa, AB lachiwiri, ndipo nambalayo ndi kuchuluka kwa zimbale za m'gululo.

Za ku Japan n'zosavuta kuzindikira. Zimakhala ndi kalamba ka pepala kotchedwa obi kumsana kwa chikuto, komwe kamalembedwa mtengo m'ndalama ya yen, ndipo pachimbale pamakhala dzina la JASRAC, bungwe loona za umwini wa nyimbo ku Japan. Nambala ya chimbale kawirikawiri imayamba ndi zilembo zinayi: POCJ ndi za Polydor m'zaka za m'ma 1990, UCCU ndi UCCV ndi za Universal, TOCP ndi za Toshiba EMI. Mawu akuti SHM-CD akusonyeza chimbale cha 2007 kapena pambuyo pake. Anthu a ku Japan anatulutsanso zimbale zambiri za magulu a anthu atatu a samba ya jazi, monga Tamba Trio ndi Zimbo Trio, ndipo osonkhanitsa amalipira zambiri obi ikakhalapo.

Kenako tulutsani chimbale chenichenicho, muchitembenuze ndi kuyang'ana mkombero wonyezimira wozungulira bowo lapakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mufunika kuwala kokwanira ndi galasi lokulitsa zinthu, kapena kamera ya foni. Pamkomberopo pamakhala nambala ya fakitale, imene nthawi zambiri imabwereza nambala ya chimbale ya pachikuto. Kuyambira mu 1994 mafakitale anayamba kuikaponso tizizindikiro tiwiri toyamba ndi zilembo IFPI. Koyamba kamatsatiridwa ndi chilembo L ndipo kamasonyeza kumene chikombole chinakonzedwa, pomwe kachiwiri, kodindidwa mu pulasitiki yoonekera pafupi ndi bowo, kamasonyeza makina amene anaumba chimbalecho. Kufunika kwake n'kwakuti chimbale chokhala ndi chikuto cha 1989 koma chili ndi IFPI chinadindidwa mu 1994 kapena pambuyo pake, pogwiritsa ntchito chikuto chakale. Apa m'pamene chaka chachitatu chija chimaonekera. Ngati chikuto ndi cha 2005 koma IFPI palibe, pansi pa chimbale pakuoneka mtundu wobiriwira kapena wa buluu, ndipo zilembo za pachikuto n'zosalongosoka, mwagwira chimbale chochita kubena pa kompyuta.

Zolembedwa zikatha, mverani. Nyimbo zambiri za 1958 ndi 1959 zinajambulidwa m'njira ya mono, kutanthauza kuti mawu onse amachokera pakati, ndipo makampani ena anayesa kuzisandutsa stereo, imene mawu ake amachokera mbali ziwiri, mochita kupanga. Valani zomvetsera za m'makutu: ngati mawu akumveka ngati munthu akuyimbira m'chipinda chopanda katundu, kapena khutu lina likulandira mawu aakulu okha pomwe lina likulandira aang'ono okha, wina anaseweretsa tepiyo. Nkhani yodziwika kwambiri pa zimenezi ndi ya João Gilberto mwini. Mu 1988 EMI inasonkhanitsa zimbale zake zitatu zoyamba, za 1959, 1960 ndi 1961, pansi pa dzina lakuti O Mito, ndipo mu 1990 zinatuluka kunja kwa Brazil ku kampani ya World Pacific monga The Legendary João Gilberto, nyimbo 38 pa CD imodzi. Dongosolo la nyimbo linasinthidwa ndipo nyimbo ziwiri zinalumikizidwa kukhala imodzi. Woyimbayu, amene ankasamala kwambiri za mtunda wa pakati pa mawu ake ndi gitala, anadandaula kuti ntchito yake yawonongedwa, anakasuma kukhoti, ndipo mu 2011 khoti lalikulu la ku Brazil la Superior Tribunal de Justiça linagamula momukomera. Chimbalecho chinasiya kudindidwa. Chili ndi chizindikiro cha kampani yoyenera, barcode yoyenera ndi nambala ya fakitale yoyenera, komabe mwini nyimbo anachikana, ndipo munthu wochigula lero ayenera kudziwa mbiri imeneyi.

Chotsala n'kuyerekeza zimene mwapeza ndi zimene ena analemba. Pa intaneti, Discogs imakulolani kufufuza pogwiritsa ntchito barcode kapena nambala ya chimbale, ndipo imasiyanitsa zimbale zooneka zofanana potengera manambala a pamkombero. MusicBrainz imathandiza kudziwa ngati nyimbo imene ili pa chimbale chosonkhanitsa ndi yomweyo ya pa chimbale choyambirira. Pa mbiri ya oyimba ndi zaka za zimbale zawo, dikishonale ya nyimbo za ku Brazil ya Dicionário Cravo Albin da Música Popular Brasileira ndi yothandiza. Popeza Discogs ndi MusicBrainz zimalembedwa ndi anthu ongodzipereka, musakhutire ndi dzina lokha. Onetsetsani kuti nambala ya chimbale, barcode, kuchuluka kwa nyimbo ndi zolembedwa pamkombero zonse zikugwirizana. Mukamalemba dzina pofufuza, yesani kalembedwe kangapo, chifukwa Antonio Carlos Jobim amalembedwanso Tom Jobim, Jorge Ben anadzasintha dzina kukhala Jorge Ben Jor, ndipo chimbale cha Jobim cha 1963 chimene Verve inatcha The Composer of Desafinado, Plays chinatuluka ku Brazil pa Elenco ndi dzina la woyimbayo lokha komanso chikuto china. Ngati mukugula kwa munthu amene ali kutali, mupempheni zithunzi zinayi musanatumize ndalama: kutsogolo kwa chikuto, kumbuyo kumene kuli barcode, tsamba la kabuku lokhala ndi maina a oyimba zida, ndi mkombero wa pansi pa chimbale utajambulidwa pafupi mokwanira kuti zilembo za IFPI ziwerengeke.